Muzu wa munkoyo ndi mafuta a nsomba: chifukwa chake sindikuopa maenzaimu

Kwa masabata angapo tsopano nkhani ya mafuta a nsomba yakhala ili m'kamwam'kamwa muno mu Chipata. Inayambira pa magulu a WhatsApp, pamene wina anajambula botolo la makapisozi a omega-3, gulu la mafuta opezeka m'nsomba, limene anagula m'sitolo ya mankhwala, nkuzunguliza ndi cholembera mawu onena kuti mafutawo anakonzedwa ndi maenzaimu. Posakhalitsa inafika pa wailesi ina, pa pulogalamu imene anthu amaimbako foni madzulo, ndipo kumeneko ndiko inafika pamponda chimera. Ena ankati tayamba kugulitsidwa nsomba za m'labotale, ena ankati ndi GMO yomwe ija, zamoyo zosinthidwa chibadwa, yabweranso itavala malaya ena, pamene ena, amene ine ndinawatchera khutu kwambiri, ankafunsa kuti munthu angatayirenji ndalama pa botolo pamene kapenta ali mbwee pa msika wa Kapata. Maganizo anga ndiwaneneretu kuti pasakhale kusokonezana. Luso losintha mafuta a nsomba ndi maenzaimu ndi labwino, ndi lofatsa kuposa njira zimene zinalipo kale, ndipo dziko lathu liyenera kulilandira ndi kuliphunzira, malinga ngati lilunjika pa chakudya cha makanda, amayi oyembekezera ndi odwala, osati pa kunenepetsa matumba a ogulitsa mabotolo.

Tisanayambe kutsutsana ndi bwino tigwirizane kaye kuti enzaimu ndi chiyani, pakuti dzinali ndi lachilendo koma chinthucho ndi chakwathu. Azakhali anga a ku Katete akafuna kufulula munkoyo amaphika phala la mgaiwa lolimba ndithu, loti mthiko ukhoza kuima wokha pakati pa mphika, ndipo akaliphula saponyamo mizu nthawi yomweyo. Amadikira, nkumapisa chala m'mphepete mwa mphika, kufikira phalalo litazizirako moti chala chikupirira, ndipo apo m'pamene amathiramo mizu yosinjasinja ija, yooneka ngati luzi lonyowa. Pasanapite nthawi yaitali phala limene linali gwa limayamba kumasuka, limasanduka lamadzimadzi, ndipo ukalawa umamva kutsekemera ngakhale kuti shuga sanathiremo. Tili ana tinkafunsa kuti chachitika nchiyani, iwo nkumangoyankha kuti muzu wadya phala. Sanalakwitse ayi. M'mizu imeneyo muli enzaimu yotchedwa amylase imene imaduladula sitachi wa chimanga kukhala shuga, ndipo ya mtundu womwewo ili m'chimera cha thobwa ndiponso m'malovu athu. Enzaimu si kachilombo ndipo siberekana. Ndi puloteni imene ntchito yake ndi kufulumizitsa kusintha kumodzi kokha, ndipo ikapsa ndi moto imatha mphamvu, nchifukwa chake azakhali sapupuluma.

Enzaimu imene imagwira mafuta dzina lake ndi lipase, ndipo tonsefe tili nayo, pakuti kapamba amaithira m'matumbo nthawi iliyonse tikadya ndiwo zothira saladi kapena nsinjiro. Kuti timvetse ntchito yake, tiyerekeze kachidutswa kakang'ono kwambiri ka mafuta ndi njinga ya wogulitsa makala, imene imatsika m'mapiri a Chipata mbandakucha itanyamula matumba atatu, lina kumanzere, lina kumanja, lina pakati. Njingayo akatswiri amaitcha glycerol, ndipo matumbawo ndi mitundu yosiyanasiyana ya mafuta. M'nsomba mitundu iwiri ndiyo yamtengo wapatali, EPA ndi DHA, imene ili m'gulu la omega-3. DHA ndi chimodzi mwa zomangira ubongo ndi mkati mwa diso, ndipo mwana amamusonkhanitsa kwambiri m'miyezi itatu yomaliza ali m'mimba ndi m'zaka ziwiri zoyambirira za moyo wake. Koma m'mafuta wamba a nsomba amene amaikidwa m'makapisozi, pa magawo 100 alionse pafupifupi 18 okha ndiwo EPA ndipo 12 ndiwo DHA. Otsalawo ndi mafuta amene tingawapeze kwina kulikonse. Lipase ili ngati wotsitsa katundu wodziwa kusankha. Ya m'matumbo mwathu imatsitsa matumba awiri a m'mbali nkusiya lapakati, limene limalowa m'thupi lili chimangidwire pa njinga. Ina, yochokera ku yisiti yotchedwa Candida rugosa, imavutika kugwira DHA chifukwa ndi wautali ndi wopindikapindika, motero imatsitsa enawo nkumusiya, ndipo mafuta otsalawo amakhala ndi DHA wochuluka. Palinso ina yochokera ku Candida antarctica, yisiti imene inapezeka m'nyanja ina ya ku Antarctica, imene amaigwiritsa ntchito pokweza matumba osankhidwa pa njinga yopanda kanthu. Luso lonse limene tikukanganiranali lagona pamenepa.

Otsutsa oyamba akuti chimene Mulungu analenga sichifunika kukonzedwanso, ndipo kuti munthu akayamba kuseweretsa chakudya mapeto ake amakhala matenda. Mantha amenewa si aumbuli, ndipo pa nkhani imodzi yaikulu mbiri ili kumbali yawo. Kwa zaka zambiri mafakitale ankalimbitsa mafuta a mbewu ndi mpweya wa hydrogen popanga majarini, anthu nkumauzidwa kuti ndi wabwino kuposa batala, kufikira zitadziwika kuti njirayo imabala mafuta otchedwa trans amene amaononga mitsempha ya mtima. M'chaka cha 2018 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linachita kupempha maiko onse kuti awathetse. Komabe chimene nkhaniyi ikutiphunzitsa ndi chakuti tizifunsa njira imene yagwiritsidwa ntchito ndi chimene chatulukapo, ndipo tikafunsa choncho timapeza kuti imodzi mwa njira zimene zinathandiza opanga majarini kusiya mafuta a trans ndi lipase yomweyi. Pa mafuta a nsomba, njira yakale yochulukitsira omega-3 ndi yotsitsa matumba onse ndi mankhwala aukali a m'gulu la soda, nkuwamangirira ku ethanol, kenaka nkuwalekanitsa ndi kutentha. Chotulukapo chimatchedwa ethyl ester. Umenewu si mtundu wa mafuta umene nsomba imasunga m'thupi mwake, ndipo matumbo athu sauyamwa bwino, makamaka munthu akamwa kapisozi popanda chakudya cha mafuta. Mayi aliyense amene anathirapo soda wambiri m'therere amadziwa kuti soda sasankha, amafewetsa zonse nkupha ndi kukoma komwe. Lipase imagwira ntchito pa kutentha kwa madigiri 40 mpaka 60 basi, ndipo ndi imene amabwezera nayo EPA ndi DHA pa njinga yawo ya glycerol. Kunena kwina, mawu aja amene anaopsa anthu pa botolo kawirikawiri amatanthauza kuti mafutawo abwezeredwa m'maonekedwe amene anali nawo ali m'nsomba, ndipo okonda zachilengedwe ndiwo anayenera kuyamba kuwayamikira.

Chachiwiri ndi nkhani ya GMO, ndipo pano ndiyenera kulankhula mosabisa. Sitinaiwale chaka cha 2002, pamene Pulezidenti Levy Mwanawasa anakana chimanga cha thandizo chosinthidwa chibadwa ngakhale kuti njala inali itavuta, ndipo pambuyo pake dziko linakhazikitsa lamulo la 2007 loona za zamoyo zoterezi pamodzi ndi bungwe la National Biosafety Authority. Ndi zoona kuti maenzaimu ambiri a m'mafakitale, kuphatikizapo lipase yotchedwa Novozym 435 ya kampani ya ku Denmark ya Novozymes, imene tsopano ikutchedwa Novonesis, amatulutsidwa ndi chuku chimene chinasinthidwa chibadwa kuti chizipanga enzaimu yambiri. Wokana zimenezi akunama. Koma tikumbukire kuti imodzi mwa nkhawa zazikulu za 2002 inali mbewu: chimanga chikagwa pansi chimamera, mungu wake umauluka kukafika m'munda wa mnzako, ndipo sungaubwezenso. Enzaimu ilibe mbewu. Pa ntchito ya mafuta amaimata pa timikanda ting'onoting'ono, mafuta nkumadutsa pakati pake, ndipo pamapeto timikandato amatisefa kuti akatigwiritsenso ntchito kambirimbiri, monga momwe azakhali amavuulira mizu asanathire munkoyo m'chigubu. Nsomba yake sinasinthidwe chibadwa ndipo DHA wake ndi yemweyo. Kuonjezera apo, ngati tikana chilichonse chopangidwa ndi tizamoyo tosinthidwa, tiyenera kukananso insulini amene odwala matenda a shuga amabayidwa m'zipatala zathu, pakuti anayamba kupangidwa mwa njira imeneyi mu 1982 ndipo lero pafupifupi yense ndi wotero.

Mtsutso wachitatu ndiwo uli ndi mphamvu kuposa yonse, ndipo ndivomereza theka lake ndisanauyankhe. Akuti bwanji osangodya nsomba. Kapenta wa ku Mpulungu ndi ku Siavonga, chisense cha ku Luapula, usipa wolowera pa Mwami kuchokera ku Malawi, zonsezi timadya ndi mutu, maso ndi minga yomwe, motero timapezamo puloteni, kashiamu, ayironi ndi zinki, zinthu zimene m'botolo la mafuta mulibe. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lonse wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Zambia anali opinimbira, ndipo kupinimbira sikutha ndi omega-3. Banja la ku Mchini kapena ku Navutika limene lili ndi ndalama yogulira chinthu chimodzi chokha ligule kapenta, limukazinge pang'ono, limusinje, ufa wake lizithira m'phala la mwana. Pamenepo palibe mkangano, ndipo wogulitsa aliyense wouza mayi kuti asiye kapenta agule botolo ndi wakuba.

Koma theka linalo nali. Choyamba, DHA sachedwa kuonongeka. Malo aja amene anapindikira, amene alipo 6, ndiwo amene mpweya umalumapo, ndipo dzuwa, kutentha ndi kupita kwa masiku zimafulumizitsa zimenezi. Pitani pa Kapata m'miyezi ya mvula mukatape kapenta wa pansi pa thumba: amakhala atafiira ngati dzimbiri, amanunkha mafuta akale, ndipo akaphikidwa amawawa pakhosi, mwana nkumangomulavula. Kufiira kumeneko ndi chizindikiro chakuti mafuta ake ayamba kuonongeka. Puloteni ndi kashiamu zimakhalamo ndithu, koma nsomba imene yayanikidwa padzuwa, yayenda makilomita mazanamazana, yakhala miyezi m'thumba, kenaka yakazingidwa mpaka kuuma, sitingaidalire kuti ikadali ndi omega-3 yense amene inachoka naye m'nyanja. Chachiwiri, zimene timalima kuno sizitseka mpatawu. Mtedza wathu wa Chalimbana ndi mpendadzuwa zilibe omega-3 woti nkuwerengera, ndipo amene ali m'soya ndi wa mtundu wina, ALA, amene thupi limasandutsa DHA pang'ono zedi. Nsomba zoweta m'madamu ndi m'makola a pa Kariba nazonso, poti zimadyetsedwa kwambiri soya ndi chimanga, omega-3 wake ndi wochepa, pakuti gwero lake lenileni ndi ndere za m'madzi zimene nsomba zodzipezera chakudya zimadya. Chachitatu, ndipo apa m'pamene pali mtima wa nkhani, pali anthu amene sangatafune kapenta: khanda lobadwa masiku osakwana, mwana amene mayi ake anamwalira pochira, wodwala amene akudyetsedwa kudzera m'kapaipi, ndi mwana wonyentchera amene akulandira chiponde cha kuchipatala.

Anthu amenewa ndiwo andichititsa kuima pamene ndaimapa. Chiponde cha kuchipatala chimapangidwa ndi mtedza, mkaka wa ufa, shuga ndi mafuta a mbewu, ndipo chapulumutsa ana ambirimbiri, koma DHA mulibe. Kafukufuku amene anachitika kwa anansi athu ku Malawi, pa ana oposa 2,000 onyentchera kwambiri, anaonetsa kuti amene analandira chiponde chosinthidwa mafuta ake ndi kuthiridwa DHA anachita bwino pa mayeso a kakulidwe ka nzeru patapita miyezi 6. Mwana wotere tikamupulumutsa thupi lokha, ubongo nkuusiya m'mbuyo, ntchito taigwira theka. Tsono kuti uthire DHA m'chiponde kapena m'phala la ana popanda kulinunkhitsa ndi kulidzaza mafuta osafunika, pamafunika kadontho kochepa kokhala ndi DHA wambiri, ndipo imeneyi ndi ntchito imene lipase imachita bwino. Ku maiko a mgwirizano wa European Union, kuyambira 2020 lamulo limakakamiza kuti mkaka wa m'chitini wa makanda ukhale ndi DHA. Kuyamwitsa ndiko koposa ndipo palibe akutsutsa, koma mwana wamasiye wa ku Chadiza ubongo wake sufuna zochepa kuposa wa ku Ulaya. Kwa wodwala amene matumbo ake sagaya bwino mafuta, akatswiri amatha kuika mafuta afupiafupi osavuta kuyamwa, onga a m'kokonati, kumanzere ndi kumanja kwa njinga ija, DHA nkumusiya pakati pomwe thupi limamulandira mosavuta. Soda sangathe zimenezi chifukwa amangomwaza matumba paliponse. Ndipo kwa amayi oyembekezera, kauniuni wa 2018 wa Cochrane, bungwe losanthula akafukufuku a zaumoyo, amene anasonkhanitsa akafukufuku 70, anapeza kuti omega-3 amachepetsa kubereka masabata 37 asanakwane ndi magawo 11 pa 100, ndipo kubereka masabata 34 asanakwane ndi magawo 42 pa 100. Aliyense amene anaonapo khanda la miyezi isanu ndi iwiri litamangidwa pachifuwa pa mayi ake m'chipatala amadziwa kulemera kwa manambala amenewa.

Otsutsa achinayi sakulimbana ndi sayansi koma ndi malonda. Akuti mabotolowa amalonjeza kuchiza mtima, maondo, maso ndi kuiwala nthawi imodzi, ndipo anthu akudyeredwa masuku pamutu. Ndikugwirizana nawo. Akafukufuku awiri akuluakulu amene zotsatira zawo zinatuluka mu 2018, VITAL ku America ndi ASCEND ku Britain, sanapeze kuti kapisozi mmodzi patsiku amachepetsa kwenikweni matenda aakulu a mtima ndi mitsempha, ndipo zimadziwikanso kuti kumwa omega-3 wambiri kumaonjezera chiopsezo chakuti mtima uzigunda mosokonekera. Ine ndemwe ndinagulapo botolo m'sitolo ina m'tauni muno, limene linali litakhala pa windo loomba dzuwa, ndipo nditaluma kapisozi mmodzi fungo lake linali la nsomba yogonera masiku atatu, ndinataya lonse. Koma vuto limeneli silichokera kwa enzaimu. Ndi ntchito ya ZAMRA, bungwe loona za mankhwala, ndi Zambia Bureau of Standards kuonetsetsa kuti botolo lililonse likulemba mamiligalamu enieni a EPA ndi DHA, m'malo mongolemba kuti mafuta a nsomba 1,000 mg pamene omega-3 ndi 300 mg yokha, ndiponso kuti mafutawo ayezedwa ngati sanaonongeke. Tikakana luso chifukwa cha ogulitsa achinyengo, achinyengowo adzapitirizabe kugulitsa, kungoti adzatigulitsa zoipitsitsa.

Patsala nkhawa imodzi imene pa wailesi paja inangotchulidwa modutsa, komabe kwa ine ndi yoopsa kuposa ya GMO. Mafuta a nsomba ambiri padziko lapansi amachokera ku tinsomba ting'onoting'ono, makamaka ta ku Peru, ndipo gawo lalikulu limapita kukadyetsa nsomba zoweta. Ku Mauritania, Senegal ndi Gambia mafakitale a ufa ndi mafuta a nsomba akhala akulimbirana ndi amayi owamba ndi kuyanika tinsomba timene anthu osauka amadalira. Zoterezi zikadzafika pa kapenta wathu, meda imene ikutivuta kale kugula idzasanduka ya anthu olemera okha, ndipo ine ndidzakhala woyamba kutsutsa. Chotero malire ake akhale omveka: nsomba yodyeka isalowe m'fakitale ya mafuta. Koma apanso maenzaimu ali kumbali yathu, chifukwa ndiwo amathandiza kuti tipeze phindu pa zimene timataya. Ku Norway mitu, mafupa ndi matumbo a nsomba za salmon amazithira maenzaimu odula puloteni, mafuta nkuyandama pa kutentha kochepa asanapse, ndipo lipase ikhoza kubwera pambuyo kudzachulukitsa DHA ngakhale m'mafuta amene anali ndi wochepa. Ife pa Kariba, kumene makampani monga Yalelo ndi Lake Harvest amaweta nsomba zambiri, zotsala zoterezi zilipo tsiku lililonse.

Sindikunena kuti mawa timange fakitale mu Chipata, kumene nyanja kulibe. Kutsutsa galu nkukumba, ndipo pokumba poyamba ndi m'labotale: University of Zambia, bungwe lofufuza za sayansi la NISIR ndi National Food and Nutrition Commission, imene yakhalapo kuyambira 1967, ayeze DHA amene ali m'kapenta wongovuulidwa kumene, m'kapenta wa pansi pa thumba pa Kapata, ndi m'matumbo a nsomba zoweta, kenaka atiuze zotsatira m'chilankhulo chimene mayi wa kusikelo angamve. Dziko lathu limene linayamba kuthira vitamini A m'shuga mu 1998 silingadabwe ndi ganizo lothira DHA m'chiponde kapena m'phala la ana, ndipo mtedza ndi soya zopangira zakudya zimenezi zimalimidwa konkuno kum'mawa. Chopinga chenicheni chili pa gombe. Matumbo a nsomba ali ndi lipase yawoyawo, imene nsomba ikangofa imayamba kuphwanya mafuta popanda woilamula, ndipo m'kutentha kwa ku Siavonga maola ochepa ndi okwanira kuti zotsalazo zisakhalenso zoyenera chakudya cha munthu. Amene adzayambe ntchitoyi adzayenera kugula ayezi ndi kupeza magetsi osazimazima asanaitanitse ngakhale thumba limodzi la timikanda ta ku Denmark.